Pampu ya Draha ndi Nsomba ya M'bafa

Lachitatu, 18 Disembala

Lero ndadzichotsa ulemu pamaso pa mayi amene ndinawaphunzitsira ana awo onse awiri.

Masiku anayi tsopano m'nyumba muno mukumveka kaphokoso. Si kakakulu ayi, kungoti krrr, kusiya, kenako krrr. Ine ndi nzeru zanga za ku yunivesite ndinagamula kuti ndi firiji ya Mayi Kubalová a pamwamba pathupa. Ndiye m'mawa ndinavala jekete, kukwera masitepe, kugogoda. Ndinalankhula bwinotu, chiganizo chilichonse chili ndi mutu ndi mchira. Mayiwo anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali ufa okhaokha, kenako akuti, "Aphunzitsi, firiji yanga inafa mu Novembala. Batala ndikusunga pazenera. Tiyeni tikamve limodzi."

Anatsika ndi masilipasi awo, anaima pabalaza pathu kamphindi, n'kuloza kabati ya pansi pa thanki ya nsomba. "Firiji yanu ndi iyo."

Alamu anali pasofa, nkhope ataibisa m'nyuzipepala. Nyuzipepalayo inkagwedezeka.

Ndilembe bwino za alamuwa, kuti tsiku limene ndidzawaponye pazenera khoti lidzandimvetse. A Vendelín, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga Draha. Anachoka kwawo ku Karviná pa 9 kudzaona mchemwali wawo kuchipatala, akuti agona usiku umodzi. Lero ndi tsiku lakhumi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ankayang'anira mapampu otulutsa madzi mumgodi wa malasha, ndipo mpaka pano amalankhula mokuwa ngati tonse tili pansi pa nthaka.

Draha akutuluka Lolemba. Chitsulo chimene amuika m'chiuno akuti chakhala bwino. Nsomba zake anandisiyira pamodzi ndi pepala lomata kuseri kwa chitseko cha kabati, malamulo asanu. Chakudya kamodzi patsiku, kutsina chabe. Nyale izizima nthawi yake. Madzi owonjezera atuluke m'zigubu zimene wasunga, osati kumpopi. Lamulo lachinayi: sefa yoyeretsa madzi ndi pampu yake usatsegule. Lamulo lachisanu analemba ndi zilembo zazikulu: ACHIMWENE ASAKHUDZE CHILICHONSE. (Kalekale anamukonzera makina ochapira. Patebulo panatsala masikuluwu atatu ndi sipuling'i. Makinawo ankachapa ndithu, koma akuyenda mpaka pakhomo.)

M'thankimo muli Ajaji ndi akazi awo, nsomba ziwiri zopyapyala ngati masamba, zazikulu ngati chikhatho, zaka zisanu ndi zinayi ali nazo. Ndi tabuluu tating'ono khumi ndi tiwiri. Pomulowetsa ku opaleshoni ine ndinkadikira mawu a mtundu wina, iye akuti, "Radim, ndidzazipeze zonse khumi ndi zinayi."

Ndinalonjeza.

Lachinayi, 19 Disembala

Ndawapeza atagwada pakabati, sikuludiraiva ili m'manja.

"Alamu, lamulo lachisanu."

"Akukhudza ndi ine kapena sikuludiraiva?"

Anaika nsonga yake pachivundikiro cha pampu, chogwirira n'kuchikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu, n'kutsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali mpaka ndinayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba mwanga momwe.

"Yadwala," anatero. "M'katimu muli kagudumu ka mapiko kamene kamapalasa madzi. Kakukhula khoma. Pampu siifa mwadzidzidzi, alamu, imayamba yatsanzika. Imasintha mawu, mphamvu n'kuchepa, kenako thupi kutentha. Ikayamba kukomoka n'kutsitsimuka, itanani abale."

"Ndiye tili pati?"

"Pa mawu. Muuzeni mwini wake."

Ndinati ndi mpweya chabe walowa m'paipi, ndinawerenga pafoni. Iwo akuti foniyo inatsikapo mumgodi uti?

Kenako anatenga botolo la jamu kukhitchini n'kundipatsa ine, poti iwo ndi oletsedwa. Ndinalitchera kukamwa kwa paipi yobwezera madzi m'thanki, iwo akuyang'ana wotchi. Linadzaza pa masekondi asanu ndi anayi. Analemba 9 m'mphepete mwa nyuzipepala yanga, pamene ndinali ndisanawerenge.

Masana tramu, kasitima ka m'tauni kaja, mpaka kuchipatala. Draha akuyenda m'khonde ndi ndodo ziwiri, akukalipira nesi kuti akumugwira kwambiri. Wachira ndithu.

"Nsomba?"

"Zili bwino."

"Pampu?"

"Ikuyimba."

Sindinaname kwenikweni. Adokotala anati asamade nkhawa ndi kanthu, ndipo masiku angotsala anayi. Alamu anali kuyang'ana denga.

Lachisanu, 20 Disembala

Pabwalo la sitolo aikapo kale migolo ija ya nsomba zamoyo za Khirisimasi, amuna a maepuloni a labala akuvuula nsombazo, zotchedwa kapr, ndi ukonde, manja ali psuu ndi kuzizira. Ife tinasiya kalekale kugula yamoyo, Draha amangotenga yodulidwa kale. Ndiye taonani alamu akulowa ndi ndowa, madzi akutayikira pakapeti, m'kati muli chinsomba cha makilo atatu.

"Sitinakambiranetu."

"Khirisimasi sakambirana, alamu. Tsegulani bafa."

Basi, bafa lapita. Nsombayo ikhala m'menemo mpaka Lachiwiri m'mawa, pa 24, tsiku limene kuno timadya phwando la Khirisimasi, ife tizisamba pasinki ngati amphaka. Agulanso kapampu ka mpweya, kakang'ono ngati sopo, kokhala ndi kapaipi ndi kamwala kotulutsa thovu. Ndinawaseka kuti makolo athu ankangotsegula mpopi pang'ono. Akuti malo amene muli wamoyo sakhala opanda mpweya, amenewo ndi malamulo, enawo ankachita mwaumbuli.

Botolo la jamu: masekondi 14.

Ndaonanso ndekha, osauzidwa. Udzu wautali wa m'thanki uja umene nthawi zonse umaweramira kumanzere, lero wangoima njo. Chakudya ndikathira chikungokhala pomwepo, pamene kale chinkazungulira thanki yonse tabuluu tikuchithamangitsa. Pamwamba pa madzi pali kakhungu ngati ka mkaka wozizira. Alamu sindinawauze. Anaona kale, ndikudziwa.

Madzulo ndinawamva akulankhula kubafa. Ndinkayesa foni. Ayi, akhala pampando, akucheza ndi nsomba. Atandiona anati, "Otýlie ankasankha ya maso oyera ndi mamba osanyuka. Ine ndangoloza." N'kutembenukiranso nsomba yawo. Akazi awowo tinawaika m'manda mu Malichi.

Ndinakafulula tiyi. Ndinathiramo slivovice, kachasu wa kuno, pang'ono, m'makapu onse awiri.

Loweruka, 21 Disembala

Tikudya m'mawa ndinazindikira kuti nyumba ili zii. Ndinakondwa, ndikuti alamu mwamva, yachira yokha.

"Yakomoka."

Anadzuka, n'kumenya mbali ya kabati ndi chikhatho (kabati, akuti, osati pampu), krrr, yadzuka. Anandigwira dzanja n'kuliika pachivundikiro. Kutentha ngati chipumi cha mwana wodwala. Botolo 23. Tabuluu tonse tili m'mwamba pafupi ndi paipi.

Ndinapita ku shopu ya nsomba kuseri kwa positi. Mwini wake, bambo wandevu, atangoona chithunzi pafoni anaseka. "Imeneyi anasiya kupanga ndisanamere imvi. Kagudumu ndingaitanitse, koma kafika chaka chatsopano." Ananditsitsira bokosi la sefa yatsopano, yathunthu ndi pampu yake. Ndinaligwira. Ndinawerenga mbali zonse zinayi. Anandikumbutsa kuti akutseka 12 koloko ndipo mawa satsegula.

Ndinalibweza pashelefu.

Ndilembe zoona, buku lino silipita kwa wina. Kugula yatsopano ndiye kuti kuchotsa yakale, ndiye kuti Draha Lolemba atsegula kabati n'kuona kuti zinthu zinavuta ine ndikuti zili bwino. Ndinaganiza kuti chinthu chimene chazungulira zaka khumi ndi zisanu chingalephere bwanji masiku awiri? Ndinatuluka chimanjamanja, ndipo m'njira ndinagula maolenji.

Kuchipatala sindinapite. Ndinaimba foni, ndikuti chipale chofewa chachuluka m'misewu, tramu zikuchedwa. Anati chabwino, uvale mpango.

Madzulo onse ndakhala pampando wa Draha kuyang'ana thanki. Zaka makumi atatu ndinkauza ana a eni kuti wolemba akatchula mtambo patsamba loyamba, konzekerani mvula. Ndinkawachotsera malikisi osaona mtambowo. Chiuno cha Draha chinatsanzika zaka ziwiri. Anayamba kutsika masitepe chammbali. Anasiya kupita kumsika wa kutali uja amaukonda, akuti zinthu zake sizilinso bwino. Podzuka pampando ankayamba wagwira tebulo n'kunamizira kukonza nsalu. Ine ndinkati ndi nyengo. Ndinadzamva zoona kwa dokotala, munthu amene anamuona mphindi khumi.

Sikuti sindinkaona. Kuona kumafuna kuti munthu uchitepo kanthu, ndipo ine ndimakonda tsiku lamawa.

Yakomokanso kawiri tisanadye chamadzulo. Alamu sanandinyoze. Zimenezo ndiye zandiopsa.

Lamulungu, 22 Disembala

Yafa.

Seveni koloko m'mawa, kabati tinaimenya mpaka makapu kulira, osadzuka. Fungo la pulasitiki yopsa. Alamu akuti zulani pulagi, ndinazula. Tabuluu tiwiri tikuyandama mimba m'mwamba. Ajaji ali pamwamba penipeni, kamwa ili kunja kwa madzi, kutsegula, kutseka. Akazi awo atsamira galasi chapendeke kuseri kwa udzu.

Ndinangoima ndi kaukonde m'manja. Kaya mphindi zingati.

Alamu analowa kubafa. Anachedwako. Potuluka anali ndi kapampu kawo ka mpweya, kapaipi kakudontha madzi.

"Ikani nokha. Ine paja ndine woletsedwa."

"Nanga yanu ija?"

"Ikani, alamu, mudzafunsa pambuyo."

Thovu linayamba kukwera. Ndinachotsa madzi ndowa ziwiri, n'kuthira a m'zigubu za Draha pang'onopang'ono ndi jagi, iwo akundiwerengera ngati ndili pa shifiti yawo. Cha m'ma 11 Ajaji anatsika pakati pa thanki. Akazi awo anawongoka mochedwerapo.

Koma kubafa zinali zitatembenuka. Kapr yagona chammbali, ikupuma movutika. Tinasintha madzi, tinatsegula mpopi, osathandiza kwenikweni. Alamu anaiyang'ana n'kuti, "Siifika Lachiwiri iyi. Ndipo yodzifera yokha sadya."

Ndinabweretsa thabwa, thaulo ndi nyundo yamtengo yosinjira nyama. Tinaziyala bwinobwino. Kenako tinaima.

"Mwini nyumba ndinu," iwo.

"Nsomba ndi yanu," ine.

"Kwanu kuno ankapha ndani kale?"

"Draha. Kwanu?"

"Otýlie. Ine ndinkatuluka kukagula ndudu."

"Inu simusuta."

"Ndiye ndikunenazo."

Amuna awiri, zaka zathu kuphatikiza zoposa zana ndi makumi anayi, kukwera masitepe ndowa ili pakati. Mayi Kubalová anatsegula, anayang'ana ndowa, anayang'ana ife. "Wina wa kumgodi, wina wa ku yunivesite. Dikirani panja, mungakomoke pakapeti panga." Chitseko chinatsekeka. Tinamva kugunda kumodzi kokha. Alamu anavula chipewa, kenako anachita manyazi n'kunamizira kukanda mutu. Patapita kanthawi anatipatsa mbale ya zidutswa, mamba atatikulungira m'kapepala kuti tidzaike pansi pa mbale Lachiwiri, mwambo woitanira ndalama. Mutu anasunga, akuti wa supu, malipiro a wakupha.

Titatsika alamu anatsuka bafa. Analitsuka nthawi yaitali kuposa mmene bafa limafunira.

Masana ndinapita ndekha kuchipatala, tabuluu tiwiri tili m'mutu njira yonse. Draha anali pampando wa pazenera. Ndinayamba ndi mawu oyamba, za ukalamba wa makina, za mmene chilichonse chopangidwa ndi manja...

"Radim. Zingati?"

"Ziwiri. Tabuluu."

"Ajaji?"

"Ali moyo, onse awiri. Achimwene ako apereka kapampu ka nsomba yawo."

"Inayamba liti kulira?"

"Lamulungu lapitali."

"Sabata yathunthu ukubwera kuno ndi maolenji n'kumandiuza kuti ikuyimba."

"Adokotala anati usamade nkhawa."

"Adokotala anakuuza kuti undisandutse chitsiru?"

Mayi wa bedi linalo anazimitsa wailesi yake kuti amve bwino.

Draha anayang'ana panja kanthawi. Kenako, ndi mawu a tsiku ndi tsiku, akuti m'chitini cha mabatani, pansi penipeni, muli sokosi ya mwana. M'sokosimo muli kagudumu katsopano ndi kamtengo kake kozungulirapo. Anagula tiwiri zaka zapitazo atamva kuti asiya kupanga. Ntchito ya mphindi khumi.

Ndinafunsa kuti bwanji sanalembe papepala paja.

"Ndinalemba kuti usatsegule chifukwa ndimakudziwa manja ako. Sindinalembe kuti usandifunse."



"Achimwene atsegule, iwe uwagwirire tochi. Madzi a m'chidebe cha sefa mutaye, aola amenewo. Masiponji musatsuke kumpopi, mungowafinya m'madzi a m'thanki. Ndipo chikatsala chilichonse patebulo, mundisungire ndidzachione."

Alamu nditawauza kuti lamulo lachisanu lafafanizidwa, anakasamba m'manja, n'kuyala nyuzipepala, n'kuika chilichonse chimene achotsa pamzere monga chatulukira. Fungo la m'chidebe, dzira loola. Kagudumu kakale mapiko awiri anali atatha, kamtengo kataduka pakati, ndipo m'kabowo munali kachigoba ka nkhono kakang'ono ngati njere ya mpunga. Anakaika m'chikhatho changa. "Wakupha ndi uyu. Mumgodi anali mwala, kuno nkhono. Nkhani yake ndi imodzi."

Pulagi. Inakhosomola, inalavula mpweya, kenako madzi phwii, udzu wonse n'kuwerama. Phokoso palibe, kung'ung'udza chabe, kofunika kuika khutu.

Botolo: 5. Patebulo sipanatsale kanthu. Ndikuganiza kuti anakhumudwa pang'ono.

Lolemba, 23 Disembala

Draha tinamutenga pa takisi cha m'ma 10. Sanavule ngakhale chikhoti. Ndodo, ndodo, mpaka pathanki. Anawerenga ndi chala, milomo ikuyenda. Khumi ndi ziwiri. Anawerenganso. Ajaji anabwera pagalasi ngati akufuna kupereka umboni.

Ndinali kumbuyo kwake ndi chikwama, kudikira chigamulo. Anangobweza dzanja n'kundigwira mkono, kaya pofuna kutsamira kaya chiyani, ndipo sanausiye msanga.

Kenako anatembenukira alamu.

"Achimwene, ndinakuuzani kuti munthuyu musamusiye yekha ndi nsomba zanga mpaka nditatuluka. Sindinati mudikire mpaka ziyambe kufa."

"Unandiletsa kukhudza. Zilembo zazikulu."

"Ndikanadziwa bwanji kuti amuna awiri andimvera nthawi imodzi? Sizinachitikepo."

Ndiye kuti masabata awiri onsewa, ine ndikuwerenga masiku, ndikusiya ndandanda ya mabasi a ku Karviná patebulo ngati mwangozi, munthuyu anali pantchito. Ndipo ntchitoyo ndinali ine. Ndinawayang'ana. Anakweza mapewa. "Si shifiti yoipa kwambiri imene ndagwirapo, alamu. Koma mumalankhula."

Titadya supu ndinapita kukatenga mapilo, ndinapeza kachikwama kawo kali pakhomo, kotseka kale, nsapato zili pambali.

"Mukupita kuti? Mawa madzulo ndi phwando la Khirisimasi. Nsomba ndi yanu, saladi ya mbatatesi ndayamba kale."

Ndinadabwa kumva kuti ndikunena zochokera pansi pa mtima.

"Atatu patebulo mawa, nambala yosagawika pawiri, yoitana maliro? Munthu atangotuluka m'chipatala? Ayi."

"Zamakedzana zimenezo. Tiyala mbale yachinayi, kapena tiitana Mayi Kubalová."

"Amenewo akupita kwa ana awo, ndafunsa." Anakhala pakampando n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato. "Kwa mwana wanga Blanka ali asanu. Chaka chatha tinali asanu ndi awiri, ankayalira mbale ya mlendo. Chino ndikapita ine, akwana asanu ndi mmodzi. Wandiimbira kanayi, ndimangoyang'ana foni." Anamanga nsapato inayo. "Mpando wa mayi ake uja wina ayenera kuuyang'ana. Asauyang'ane yekha."

Draha sanawakakamize. Anandituma kukulunga theka la nsomba ija, zidutswa zapakati zabwinozo, ndi mamba atatu m'kapepala. Anawapsompsona pachipumi iwo atawerama, n'kuwauza kuti amete tsitsi asanafike kwa mwana, akuoneka ngati anagona m'tchire.

Pakhomo anandipatsa dzanja. Ndinkafuna kunena kanthu kokonzedwa bwino, koma anandidula.

"Miyezi itatu iliyonse mutsegule, muchotse nkhono. Inuyo, osati iye, asamagwade. Mwaona mmene amachitira."

"Ndikaiwala?"

"Mufunse, alamu. Pakamwa muli napo, ndatsimikiza."

Lifiti anakana, akuti anatsika m'zikhola za mumgodi zokwanira moyo wawo wonse. Anayamba masitepe pang'onopang'ono, chikwama kudzanja lina, nsomba kudzanja lina, akupumira pa nsanjika iliyonse chifukwa cha mawondo. Ndinaima pakhomo kumvetsera mpaka chitseko cha pansi chinati gu. Ndinaimabe.

Draha anaitana kuchokera pabalaza kuti nditseke, ndikutulutsa kutentha, ndipo ndibwere ndimuvule nsapato.